Kalata kwa akuluakulu a zamasewera ku Dedza: mtsikana akagonja lero, akasewerenso kuti?

Kwa inu bwana oyang'anira zamasewera m'boma lathu lino la Dedza, makhansala, aphungu, ndi aphunzitsi aakulu a sukulu zathu,

Zikomo akuluakulu. Ine ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi paboma, ndipo choko chandiyeretsa manja kwa zaka zoposa 20. Ndikulemberani za tenisi ya atsikana. Ndikudziwa kuti ena mwamwetulira kale, mukuti pa mavuto onse ali m'boma muno mayi ameneyu wasankha kulirira kampira ka ubweya. Ndipirireni, muyambe mwamva kumene nkhaniyi inachokera.

Loweruka pa 12 Julaye 2025 ndinatenga atsikana anga asanu kupita nawo kunyumba ina yoonetsa kanema kumsika. Ligi ya ku England inali patchuthi, choncho mwini wake sanavute kwenikweni nditamupempha kuti atiikire fainolo ya amayi ya Wimbledon, mpikisano waukulu wa tenisi wa ku London. Anangoti tilipire ngati anthu khumi poti timuthamangitsira makasitomala. Tinakhala pabenchi cha m'ma 5 koloko madzulo titafunda zitenje, chisanu cha Julaye chikulowera m'ming'alu ya matabwa. Pabwalo panali Iga Świątek wa ku Poland ndi Amanda Anisimova wa ku America. Ine ndinali nditawauza anawo kuti aona nkhondo ya maola awiri. Masewero anatha m'mphindi 57. Anisimova sanapate gemu ngakhale imodzi m'zigawo zonse ziwiri, zomwe amazitcha maseti, 6-0, 6-0, zomwe pa fainolo ya amayi ya Wimbledon zinachitika komaliza mu 1911. Abambo atatu amene anatsalira kumbuyo kwathu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mmodzi anati ngakhale iye, ndi mimba yakeyo, akanagwirako kamodzi. Pakanemapo mtsikana uja anali ataima yekhayekha pakati pa bwalo, misozi ili chuchuchu, akuthokoza mayi ake pamaso pa khamu lonse lija.

Pobwerera anawo anali duu. Titayandikira kwawo, wamng'ono pa onse, wa Sitandade 6, anandikoka chitenje n'kufunsa kuti, "Madamu, ndiye kuti basi wathera pomwepo?"

Yankho linabwera pasanathe masabata asanu ndi atatu. Pa US Open ku New York, mwezi wa Sepitembala, awiri omwewo anakumananso mu kotafainolo ndipo Anisimova anapambana 6-4, 6-3. Anafika mpaka mu fainolo, kumene anagonja kwa Aryna Sabalenka, ndipo mu Okutobala anakatenga chikho ku Beijing. Anthu ambiri pomva nkhaniyi amayamikira kulimba mtima kwa mwanayo, ndipo sakulakwa. Ndi munthu amene bambo ake anamwalira mu 2019 iye asanakwanitse zaka 18, amene mu 2023 anayamba waika raketi pansi kwa miyezi ingapo chifukwa maganizo anali atamulemera, amene mu 2024 analephera ngakhale kudutsa ndime yachipulula ya Wimbledon yomweyo. Koma ine monga mphunzitsi ndinaonapo china. Mtima wolimbawo unali ndi pokaonekera. Atachita manyazi ku London, ndandanda inali itakonzeka kale, tsiku linalipo, bwalo linalipo, woimbira analipo, ndipo dzina lake linali papepala. Mtsikana wa kuno akagonja, kapena akapambana kumene, palibe tsiku lachiwiri. Ndicho chandilembetsa kalatayi.

Ndiloleni ndifotokoze pang'ono mmene mpikisano wa mmodzimmodzi umayendera, poti ambirife tinakulira mpira wa miyendo ndi ntchemberembaye, momwe timu ikagonja lero ligi imapitirira. Pa mipikisano inayi ikuluikulu, ya ku Melbourne, Paris, London ndi New York, amayi 128 amalowa pandandanda. Akatswiri 32 oyambirira amawamwaza kuti asagwetsane msanga, otsalawo amagwera malo awo mwa maere. Wogonja amanyamula chikwama tsiku lomwelo. Ndime yoyamba ikatha, 64 apita kwawo. Kuti munthu anyamule chikho ayenera kupambana kasanu ndi kawiri motsatizana, ndipo masewero aliwonse amatha wina akatenga maseti awiri. Pomaliza pa masabata awiri, wosagonja ndi mmodzi yekha, anzake 127 onse alawa dothi. Mipikisano ing'onoing'ono, imene bungwe la tenisi ya amayi la WTA limaitcha WTA 250, monga umene umachitikira ku Rabat m'dziko la Morocco, imakhala ya anthu 32 ndipo imatha sabata imodzi. Ndiye kuti ngakhale katswiri weniweni, masabata ambiri pachaka amabwerera kuhotelo atagonja. Ntchito yake ndi imeneyo: kugonja Lachitatu, kuchapa zovala, kukwera ndege, Lolemba kuyambanso kwina, kuchokera Januwale mpaka Novembala.

Pansi pa mipikisano yooneka pakanemayo pali ina imene sitiiona. Yotsikitsitsa amaitcha W15, chifukwa ndalama zonse zogawana osewera onse ndi madola 15,000 basi, ulendo ndi malo ogona aliyense adzionere yekha. Ku Monastir m'dziko la Tunisia ndi ku Sharm el-Sheikh ku Egypt amaichititsa sabata ndi sabata pafupifupi chaka chonse. Kumeneko kulibe khamu, kulibe atolankhani, koma n'kumene mtsikana amatolera timapointi take toyamba. Mapointiwo amakhala masabata 52 kenako amafufutika, moti palibe amene angadyere mbiri ya dzana. Pamene dziko linadabwa mu 2021 kuona Emma Raducanu wa zaka 18 akuchokera mu ndime yachipulula n'kutenga US Open, masewero khumi osataya seti ngakhale imodzi, anthu anati ndi chozizwitsa. Komatu mwanayo anali atapikisana kuyambira ali wamng'ono m'timipikisano ta ana tosawerengeka kwawo ku Britain. Nsanja yonseyo yaima pa timabwalo ting'onoting'ono tomwe wina wake amatsegula Loweruka m'mawa.

Tsopano ndikuuzeni zomwe tili nazo kuno.

Ine tenisi ndinaiphunzira ndili mtsikana, pasukulu ina ya sekondale, kwa sisitere wina wokalamba amene ankasewera atavala mkanjo wake womwewo. Bwalo lake linali la simenti. Chaka chatha ndinapitako kukaliona. Simenti ilipo ndithu, yang'aluka pakona imodzi yokha, koma mizati ya neti inapita ndi ogula zitsulo, ndipo tsiku limenelo panali patayanikidwa chimanga ndi soya. Sindikuwaimba mlandu oyanikawo. Malo osalala opanda mwini, nthawi yokolola, ngakhale ine ndikanayanikapo.

Zaka zingapo zapitazo bungwe lina linabwera pasukulu pathu ndi galimoto ziwiri. Anatsitsa maraketi atsopano, mipira yonunkhira m'zitini, ndi neti yopinda. Ana anavala malaya olembedwa, anamenya mpira kwa maola atatu, anajambulidwa, anamwa Fanta. Itakwana 2 koloko alendo aja anawerenga maraketi awo, kuwabweza m'galimoto, n'kutiuza kuti adzabweranso ndondomeko ikavomerezedwa. Malaya aja anatha kalekale, ena akukolopera m'makalasi. Chimene chinatsala ndi atsikana angapo amene dzanja linali litayamba kuyabwa, ndipo ndi amene anandikakamiza kuti ndikumbukire zomwe sisitere uja anandiphunzitsa.

Lero tili ndi maraketi anayi amene ndinawapeza pakaunjika ku Lilongwe. Imodzi inaduka zingwe ndipo tinailuka ndi ulusi wa mbedza wochokera ku Mtakataka. Imagwira, koma mpira umapita kumene wafuna wokha. Ena amasewera ndi timatabwa tomwe kalipentala wina, kholo la mwana wathu, anatisemera. Mipira yathu inayoyoka ubweya, yasanduka madazi. Bwalo ndi la ntchemberembaye, mizere timalemba ndi phulusa, ndipo neti ndi chingwe chomwe tinakolekapo neti yakale ya udzudzu. A zaumoyo andikhululukire, inali itang'ambika kale moti ngakhale nkhuku ikanadutsa.

Pabwalo limenelo ndinaonapo chinthu chimene sindidzaiwala. Atsikana awiri a Sitandade 7 ankalimbirana kuti wamkulu ndani, ndipo anzawo anali atazungulira. Mmodzi ndi uja wolongolola, amene pa ntchemberembaye timu ikagonja amaloza aliyense chala: woponya ndiye waphonya, wapakati ndiye waulesi, woimbira ndiye wakondera. Tsikulo analibe womuloza. Anatsala ndi pointi imodzi kuti agonje. Mnzake anamenya mpira umene unagwera pafupi penipeni ndi mzere, kumbali yake. Malamulo a masewero opanda woimbira amati mwini mbali ndiye amagamula, ndipo ngati akukayika pointi ndi ya mnzake. Anzake anakuwa kuti watuluka. Ine ndinali patali, sindinaone. Mwanayo anapita, anawerama, anayang'ana pamene phulusa linafufutika, anakhala kaye chete, kenako anati, "Walowa." Anagwirana chanza ndi mnzakeyo nkhope ili gwaa, anapita kuseri kwa kalasi kukalira, ndipo atabwerako funso lake linali limodzi: "Madamu, tibwereza liti?" Ndinamuuza kuti posachedwa. Kenako kunabwera mayeso, kunabwera mvula, bwalo analifuna eni ake a ntchemberembaye, chaka chinatha. Pano amagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo ndikatsika minibasi amandifunsabe moseka ngati tibwereze. Sindikunena kuti tenisi ikanamusintha moyo. Ndikungoti anapempha chinthu chaching'ono, ndipo tonsefe akuluakulu tinalephera kumupatsa.

Ndamvapo zotsutsa zambiri, zina kuchokera kwa anzanga mu sitafu rumu momwe. Amati awa ndi masewera a azungu ndi ana a mabwana. Pamenepo pali choonadi, ndipo sindikubisirani. Kufika pamene pali Świątek kumafuna ndalama zoti boma lathu lonse silingasonkhe, makochi, madokotala, matikiti a ndege chaka chonse. Wopambana Wimbledon mu 2025 analandira mapaundi 3,000,000, wogonja mu ndime yoyamba mapaundi 66,000, koma amenewo ndi anthu ochepa pamwamba pa phiri, ndipo ambiri a ku W15 aja amabwerera kwawo ndi ngongole. Aliyense wodzauza makolo a kuno kuti tenisi iwalemeretsa ndi wabodza, mumuthamangitse.

Koma zoti poyambira pamafunika chuma, zimenezo ayi. Venus ndi Serena Williams anaphunzitsidwa ndi bambo awo pamabwalo a aliyense ku Compton, dera la anthu ovutika ku California, ndipo Serena anadzatenga zikho zikuluzikulu 23 za mmodzimmodzi. Ons Jabeur wa ku Tunisia, amene anafika mu fainolo ya Wimbledon mu 2022 ndi 2023 komanso ya US Open mu 2022, n'kukhalapo wachiwiri padziko lonse, anayambitsidwa ndi mayi ake ali ndi zaka zitatu, ndipo kalabu yake inalibe bwalo, ankachita kubwereka mabwalo a m'mahotelo. Pafupi pompa ku Harare, Don Black anakonza mabwalo pakhomo pake, ndipo mwana wake Cara anadzakhala woyamba padziko lonse pa masewero a awiriawiri. Amene amandikhudza kwambiri ndi Angella Okutoyi wa ku Kenya. Mayi ake anamwalira pomubereka, analeredwa ndi agogo ake aakazi, monga ana ambiri a m'kalasi mwangamu. Mu 2022 anatenga chikho cha atsikana cha awiriawiri ku Wimbledon, ndipo pa masewera a mayiko a mu Africa ku Accra mu Malichi 2024 anapata golide wa mmodzimmodzi. Onsewa chimene anali nacho poyamba ndi bwalo lofikirika wapansi, munthu wamkulu wosatopa, ndi mpikisano wobwerezabwereza.

Ena amati tilimbikire zomwe timatha kale. Ine ma Queens ndimawakonda ngati wina aliyense. Ndinanyadira Mwawi Kumwenda atasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney mu 2015, ndipo Tabitha ndi Temwa Chawinga ndimawatchula m'kalasi pafupipafupi. Sindikupempha kuti muchotse tambala ku ntchemberembaye. Koma timu imatenga asanu ndi awiri, ndipo mphunzitsi aliyense akudziwa amene amasankhidwa: ataliatali ndi olimba pakamwa. Kamtsikana kakafupi, kamanyazi, kamanzere, kamathera kunja kwa mzere kakusunga majuzi a anzake. Amanda Coetzer wa ku South Africa anali wamfupi kuposa pafupifupi onse amene ankasewera nawo, koma mu 1997 anafika pa nambala 3 padziko lonse.

Mnzanga wina, bambo wachikulire wophunzitsa Chichewa, anandiponyera mwambi woti mutu umodzi susenza denga, akuti masewera a munthu payekha amaphunzitsa kudzikonda. Ndinamuyankha kuti mwana wamkazi wa kuno wasenza madenga a eni ake mokwanira. Kuyambira ali wamng'ono amaphunzira kugawana, kulolera, kudikira kuti alongo ake adye, kuyankha kuti "kaya, mmene mwaoneramo." Chimene saphunzitsidwa ndi kuima payekha pamaso pa anthu, kusankha yekha kuti mpira uwu ndiumenyera uku, kulakwitsa, n'kuvomera kuti ndalakwitsa ndine. Ndipotu si zachilendo kwa iwo. Taonani fulaye. Mtsikana mmodzi pakati, awiri akumusaka ndi mpira uku ndi uku, iye akuzinda, akudumpha, akuthira mchenga m'botolo, maso ali pa mpira. Mapazi amenewo ndi maso amenewo ndiwo a tenisi. Timangowasiya kuti athere pa fulaye, ndipo akangotha msinkhu timawauza kuti zodumphadumpha zatha.

Boma lino linamveka kutali chifukwa cha Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera atsikana kusukulu. Tonse tinaomba m'manja. Koma mwana wabwerera kusukuluyo, Loweruka masana azichita chiyani? Mnyamata ali ndi bwalo m'mudzi uliwonse, ali ndi ligi ya aphungu, ali ndi bonanza. Mtsikana ali ndi mtondo ndi chitsime.

Pempho langa si stediyamu. Bwalo la tenisi ndi mamita 23.77 m'litali ndi 8.23 m'lifupi pa mmodzimmodzi, kapena 10.97 pa awiriawiri, ndipo neti pakati imatalika masentimita 91.4. Bwalo la ntchemberembaye ndi mamita 30.5 kwa 15.25. Ndiye kuti paliponse pamene pali bwalo la ntchemberembaye la simenti, tenisi ikwanapo, pongofunika penti ya mtundu wina ndi mabowo awiri oikamo mizati yozula. Aphungu ndi makhansala, mukamavomereza bwalo lotere pa ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF, onjezani mabowo awiriwo. Aphunzitsi aakulu amene muli ndi mabwalo akale oyanikapo chimanga, tipatseni Loweruka limodzi pamwezi, tidzasesa tokha. Ndipo ngati pali khoma losalala, la holo kapena la kalasi, lolani tilembepo mzere pa msinkhu wa neti. Khoma ndi kochi wosalipidwa, satopa, sapsa mtima, ndipo mpira uliwonse amabweza.

Kwa ana aang'ono nkhani ndi yophweka koposa. Bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse linakhazikitsa kuti ana a zaka 10 kutsika pansi azipikisana ndi mipira yofewa, yofiira, yaolenji ndi yobiriwira, pamabwalo aang'ono. La mpira wofiira ndi la mamita 11 okha m'litali, moti pabwalo limodzi la ntchemberembaye mungathe kuyala angapo mopingasa. Pogula mipira, amene adzatumidweyo adziwe chinthu chimodzi chokhudza kwathu kuno. Dedza ili pamwamba, paboma pamapitirira mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka, choncho mpira wamba watsopano umauluka ndi kunjanja mopitirira. Malamulo a tenisi amalola mipira yapadera pamalo opitirira mamita 1,219, ndipo ku Bogotá m'dziko la Colombia, kumene kuli pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Dedza, amayi amachitirako mpikisano wa WTA chaka ndi chaka. Mugule mipira yopanda mpweya wopopera mkati. Ndi yolimbirako padzanja, koma siifa msanga ngati ya m'zitini ija, ndipo kwa ife chimenecho ndiye chachikulu.

Koma mtima wa pempho langa ndi ndandanda. Atsikana 16, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, kuyambira Meyi mvula itasiya mpaka Okutobala. Mayina alembedwe patimapepala, aikidwe m'chipewa, atoledwe ana akuona, ndipo ndandanda imatidwe pakhoma. Atsikana 16 ndi masewero 15, ndipo wopambana ayenera kugwetsa anzake anayi. Ndi maseti aafupi othera pa magemu anayi, omwe malamulo amalola, mabwalo awiri akwanitsa tsiku limodzi. Asanu ndi atatu ogonja m'mawa asapite kwawo. Akhale ndi kandandanda kawo kapadera, kuti mwana wayenda wapansi kuchokera ku Bembeke asabwerere atasewera mphindi 20 zokha. Zotsatira zilembedwe m'kope lachikuto cholimba, mapointi aziwerengedwa, ndipo chaka chikatha azifufutika monga amachitira akuluakulu aja. Mwana adziwe kuti mwezi uno ndili pa nambala 9, uja anandigonjetsa ali pa 6, ndipo Loweruka loyamba la mwezi wamawa ndikumana naye. Zikayenda paboma, chaka chinacho Linthipe, Lobi, Mayani ndi Mtakataka akhale ndi makope awo, opambana azidzakumana. Atsikana awiri otsogola kumapeto kwa chaka muwalipirire minibasi ya ku Lilongwe, makilomita osafika 100, akaone bwalo lenileni ndi kumenyedwa ndi anzawo a m'tauni. Adzamenyedwa ndithu, mwina 6-0, 6-0. Bola Loweruka linalo lilipo.

Bwana oyang'anira zamasewera, inu muli ndi chidindo chimene ine ndilibe. Kalata yochokera kwa inu kupita ku bungwe loyendetsa tenisi m'dziko muno idzawerengedwa, pamene yanga idzagona mu thireyi. Apempheni kochi mmodzi adzaphunzitse aphunzitsi aakazi khumi kwa sabata imodzi patchuthi, komanso maraketi akale amene ana a m'tauni anawasiya. Ndipo wina akadzabwera ndi galimoto ndi makamera, mufunseni asanatsitse katundu kuti madzulo zidazo zigona kuti.

Za mphotho ndinenepo, chifukwa ndaona zambiri. Pa mipikisano ya sukulu imene ndaperekezako ana, anyamata amalandira yunifolomu ndi mpira pamene atsikana amapatsidwa mabeseni ndi sopo, ngati kuti tikuwakonzekeretsa chikwati. Amayi a tenisi nkhondo imeneyi anaimenya kalekale. Mu 1970 osewera asanu ndi anayi, motsogozedwa ndi Billie Jean King, atatopa ndi kulandira kachigawo kochepa ka zomwe amuna ankalandira, anasaina mgwirizano wa dola imodzi aliyense n'kuyambitsa mipikisano yawoyawo ku Houston. Mu 1973 anakhazikitsa bungwe la WTA, ndipo chaka chomwecho US Open inayamba kupereka ndalama zofanana. Wimbledon inakakamira mpaka 2007, Venus Williams atailimbitsira khosi, ndipo iye yemweyo ndiye anapambana chaka chimenecho. Zinawatengera zaka 37. Ife tisayambirenso kumene iwo anachoka. Ngati anyamata adzakhala ndi ndandanda yawo, ndipo ndikufuna adzakhale nayo, mphotho ikhale imodzimodzi. Ikakhala raketi, raketi konsekonse. Koma atsikana ayambe ndiwo, chifukwa ndaona zomwe zimachitika raketi ikakhala imodzi pakati pa anyamata ndi atsikana: mtsikana amasanduka wotola mipira.

Pali zina zimene abambo pamisonkhano satchula, ndiye nditchule ine. Gulu lililonse la ana libwere ndi mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa m'gulu la amayi a pasukulu. Masewero azitha 3 koloko kuti aliyense afike kwawo kukuwala. Kochi wamwamuna asakhale ndi mwana payekha, ngakhale atakhala wopemphera chotani. Pakhale chimbudzi chokhala ndi chitseko ndi ndowa ya madzi, ndipo musatikakamize zovala zoyera. Wimbledon yeniyeniyo, imene imaumirira zoyera kuyambira kalekale, mu 2023 inalola amayi kuvala makabudula amkati akuda chifukwa cha nkhawa ya kumwezi. Mwana wa kuno asewere ndi siketi ya sukulu, ndi nsapato zilizonse ali nazo, kapena wopanda nsapato ngati bwalo lili la dothi.

Kope lachikuto cholimba ndagula kale, ndipo muli mayina 11. Asanu otsalawo apezeka sukulu zoyandikana nazo zikangomva. Woyamba kulembetsa ndi uja wa Sitandade 6 amene anandikoka chitenje, ndipo ndi wamanzere. Uja wa kachewere wati msinkhu wa mpikisano wamupitirira, koma adzabwera kudzakhala woimbira, ndipo ine sindikudziwa wina amene ndingamukhulupirire pa mzere kuposa iye. Kalipentala uja walonjeza mizati iwiri ya bulugamu. Lolemba likudzali ndikaweruka ndidzafika ku ofesi kwanu, bwana, ndi kope limeneli ndi tepi yoyezera. Ndidzafuna kalata yondiloleza kugwiritsa ntchito bwalo, thumba limodzi la simenti lokonzera pakona pong'aluka paja, ndi tsiku loti ndikawauze ana.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa atsikana a tenisi,
Dedza